Mtsuko wa Bambo

Mayi ankakhuthula madzi kuchoka m'jagi imodzi kupita mu inzake, pang'onopang'ono, dzanja lili m'mwamba. Ija ikadzaza ankabwezeranso. Kasanu, kasanu ndi kamodzi, mpaka tithovu titayandama pamwamba. Kenako ankathira mumtsuko wa Bambo n'kuvundikira ndi mbale. Ankachita zimenezi tsiku lililonse, ndipo panalibe amene ankawafunsa chifukwa chake.

"Mayi awa ubwana sunawathere," Bambo anatero akulowa m'khitchini. "Anzawo amasewera ndi zidzukulu, iwo akusewera ndi madzi."

Mayi anapitiriza kukhuthula. Sanali munthu woyankha.

Bambo anali wowotcherera zitsulo, ndipo anzawo kuntchito ankawatcha Mimbayachitsulo. Dzinalo ankalinyadira. Zaka makumi atatu anali asanagonepo ndi m'mimba. Chinsinsi chake ankauza aliyense, wofunsa ndi wosafunsa yemwe: madzi a pachitsime, osaphitsa, osathira kanthu. Ngakhale kuntchito ankanyamula botolo lotunga mumtsuko wawo womwewo.

"Madzi ophitsa ndi madzi akufa," ankatero. "Lilime langa limawadziwa asanafike n'komwe pakhosi."

Zodandaula zawo m'nyumbamo zinali ziwiri zokha. Makala ankatha ngati ali ndi miyendo. Ndipo ketulo yaikulu yakuda ija anali ataiwotcherera chogwirira kawiri, akudabwa kuti tiyi wa anthu awiri angathyole bwanji chitsulo.

Tsikulo Bambo anaweruka masana chifukwa mdzukulu wawo anali atatuluka m'chipatala. Mwanayo, wa chaka chimodzi, anakhalako masiku asanu pa diripi atatsekula m'mimba. Bambo a mwanayo ankagwira ntchito kutali, choncho amake, mpongozi wa m'nyumbamo, anabwera naye kwa apongozi ake. Anabweranso ndi kabotolo ka klorini kamene anamwino anamupatsa.

Mpongoziyo anali atagwada pakona, mwana ali kumsana. Anayeza mankhwalawo pakachivundikiro, n'kuthira mundowa yake, n'kutakasa. Pankafunika kudikira theka la ola.

Bambo ananunkhiza m'mwamba.

"Apongozi, madziwo ndi akumwa kapena ochapira mabulangete?"

"Ndi a mwanayu, bambo. Anamwino anati asamwenso osathira mankhwala."

"Anamwino anabadwa liti? Ine chitsime chija ndinayamba kumwa iwo asanamere mano. Ndiyang'aneni. Ndikuoneka ngati wa pa diripi?"

"Ayi, bambo. Koma uyu anangotsala pang'ono kutisiya."

"Chifukwa mumamusasatitsa. Mimba imaphunzira, apongozi. Mukaibisira dziko, tsiku limene idzakumane nalo idzagonja."

Ananyamula ndowa ija, n'kukaikhuthula panja. Fungo la klorini linalowa pakhomo limodzi ndi mphepo.

Mpongozi anadzuka. Maso sanagwetse pansi.

"Ndiye ndiphitsa."

"M'nyumba mwanga ayi."

"Ndikaphitsira kwa aneba."

"Kuti mtunda wonse udziwe kuti madzi a kwa Mimbayachitsulo ndi akupha? Khalani pansi. Mwanayu ndi magazi anga, ndimuphunzitsa ndekha."

Anatambasula dzanja pashelefu yapamwamba. Makapu ena onse anali mubeseni, osatsuka. Panatsala kamodzi, kakapu kobiriwira kokhala ndi zogwirira ziwiri. Kanali ka mwana wawo woyamba, amene anamwalira asanakwanitse zaka ziwiri. Palibe amene anamwerapo chichokereni mwiniwake, koma Mayi ankakatsuka Loweruka lililonse n'kukabwezera pamalo pake.

Jagi ya Mayi inaima m'malere. Madzi analeka kutsika.

Bambo sanaone. Mtsuko wawo unali kuseri kwa Mayi, ndipo analibe nthawi yozungulira. Pakhomo panali ndowa ina imene inali itangofika kuchokera kuchitsime, katsamba kakuyandama pamwamba, timchenga tikukhazikika pansi. Anamiza kakapu kaja momwemo.

"Bwera kuno kwa agogo, mwamuna iwe."

Mwana anasuzumira paphewa pa amake. Milomo yake inali youma. Anaona madzi, natambasula timanja tonse tiwiri. Mpongozi anabwerera m'mbuyo mpaka chigongono chinagunda khoma. Kukankha apongozi aamuna sakanatha. Kothawira kunalibe, pakuti Bambo anali atatseka khomo ndi thupi lawo.

Mayi anaika jagi pansi. Anapukuta manja pachitenje, mosafulumira. Anayenda masitepe atatu n'kugwira dzanja la amuna awo pamfundo. Kakapu anakalanda, madziwo n'kuwathira pasimenti, pakati pa mapazi a Bambo.



"Mwayamba misala?" Bambo anakuwa. "Madzi omwewa ndi amene ndimamwa ine tsiku ndi tsiku! Zaka makumi atatu! Ndafa?"

Mayi anapukuta kakapu kaja ndi nsonga ya chitenje. Kenako anawayang'ana m'maso, chinthu chimene mpongozi anali asanachionepo.

"Simunawamwepo," anatero. "Chiikireni mwini kapuyi m'manda, madzi a mumtsuko mwanu ndimaphitsa mukangotuluka pakhomo, n'kuwakhuthulakhuthula kuti kukoma kubwerere. Mimba yanu si yachitsulo, bambo. Yachitsulo ndi ketulo yangayo."