Madzi Amchere a Marisa

Tarsisio anatsika chapa, minibasi, pa Ulongwe atakumbatira botolo la madzi amchere, mchenga wa pachilumba udakali m'nsapato.

Marisa, mkazi wake wodwala, ndiye anamukakamiza kupita. "Pitani ndi anzanu mukapumeko, mwatopa n'kundidwazika. Mukanditungireko madzi a kunyanja, amati amachiza."

Kuchilumbako foni sinkagwira. Loweruka anadya nkhanu zowotcha, n'kuseka koyamba chaka chimenecho.

Pokhotera kwawo anapeza masamba aawisi atayalidwa pamsewu. Silvano, mnzake amene ankaimba njira yonse, anavula chipewa.

"Mwina ndi nyumba ina," anatero Tarsisio.

Nyimbo ya maliro inkachokera pakhomo pa Tarsisio.

Anagwiritsa botolo lija n'kumayenda pang'onopang'ono, kuopa kuti madzi a Marisa angatayike.