Kompyuta ya Bambo Zefaniya

Kompyuta ija inalira pang'ono ngati ikufuna kudzuka, kenako inangoti bii. Pagalasi panatsala kamuvi koyera kokha, kakuyandama mumdima. Jonasi anapukuta thukuta ndi mkono wa malaya ake atsopano.

Komatu mnyamatayu sanabwere ku Rimuka, m'tauni ya Kadoma, kudzakonza makina. Anachoka ku Turf, kumene ankagwira ntchito muofesi ya pamgodi, kudzaonekera kwa makolo a Mwaiwawo, mtsikana amene ankamusowetsa tulo. Jonasi anali Mchewa wa dzina chabe. Anakulira pakati pa Ashona, ndipo anzakewo ndi amene anamupangira nzeru: ukakangogwira mtima wa mdala wa pakhomopo, mkazi watenga.

Mwayi wake, mdalayo anali ndi vuto. Bambo Zefaniya atamva kuti mlendo wawo amaswera pa kompyuta tsiku lonse, ngakhale moni sanamalize.

"Mwanawe, muno muli maliro," anatero akuvundukula kansalu kamene anaifunditsa. "Chinthuchi chimandichotsa kusungulumwa chipumireni ntchito. Tsiku lina ndikuchiyatsa, zii! Kaya ndi zala zanga za pamgodizi. Ukachidzutsa iwe, ndiye kuti ndiwe munthu."

Jonasi anamva ngati amupatsa kale Mwaiwawo m'manja. Paja amati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Anavula jekete, nakhala pansi mwaulemu, nayamba kudinadina.

Kalumo kaja kanayamba kubuntha msanga. Anasuntha kambewa, palibe. Anazula nthambo zonse n'kuzibwezera, palibe. Anafika mpaka poipuzira mpweya kumbuyo kwake ngati akukoleza mbaula. Mantha anamugwira ndithu, chifukwa bambo Zefaniya anali atakhala pambali pake, maso ali tong'o, akupumira m'khosi mwake.

Mayi Enesi, amayi ake a Mwaiwawo, sanalowe pabalazapo. Mwambo ndi mwambo ngakhale kuno kutali: mpongozi sayang'anizana ndi mkamwini, ndipo akakhala ndi mawu amatuma munthu. Anangokhala kukhitchini, chitseko chili chotsekula pang'ono.

Posakhalitsa Mwaiwawo anabwera ndi tiyi, nagwada.

"Amayi akuti musavutike nayo. Akuti muisiye choncho."

Jonasi anamwetulira. Koma anthu aulemu awa! Anayankha mokweza kuti kukhitchiniko amve: "Auzeni amayi kuti asadandaule. Sindichoka pano isanayake."

Kukhitchini kunagwa chivundikiro cha poto.

Tsopano anaikapo mtima wonse. Anakumbukira njira ina imene anaiona kuntchito: kuiyatsa n'kuizimitsa isanamalize kudzuka, mobwerezabwereza, mpaka kompyuta itadodoma n'kutsegula yokha khomo lokonzera. Anayesa, ndipo galasi linasanduka labuluu. Analowera njira ya pangozi ija yotchedwa sefu modi, imene imadzutsa makina ndi zinthu zofunikira zokhazokha. Atafika pamene pamakhala mapulogalamu oyamba okha munthu akayatsa kompyuta, anagwira pakamwa kuti asaseke. Onse anali ozimitsidwa, ngakhale amene kompyuta singapume popanda iwo. Zala za pamgodi zinagwiradi ntchito, anatero mumtima, akumumvera chisoni mdalayo.

Mwaiwawo anabweranso, ulendo uno ndi mbatata, nkhope ili yolimba.

"Amayi akuti dzuwa lapendeka. Akuti makombi a ku Turf amatha msanga."

"Auzeni kuti ngakhale wapansi ndiyenda," anatero Jonasi, chifuwa chili patsogolo. Mwaiwawo anamutsinzinira diso, namuponda chala cha kuphazi. Iye anati n'chikondi, ndipo anamutsinzinira nayenso.

Anabwezera mapulogalamu aja imodzi ndi imodzi, osasiyako ngakhale imodzi, kuti ntchito yake isakhale ndi banga. Kenako anadina batani.

Kompyuta inang'ung'udza. Galasi linawala. Ndiyeno, popanda wina kukhudza kanthu, masipika awiri aakulu amene anali kuseri kwa mpando anaphulika. Ng'oma za beni, gule wa anthu a kumigodi, zinagwedeza malata, wenzulo akuboola makutu, ndipo pamwamba pa zonsezo panali mawu a bambo Zefaniya eniake, ojambulidwa kalekale, akutsogolera nyimbo mosasamala za makiyi. Nkhuku zinabalalika pabwalo. Mwana wa kwa aneba anayamba kulira.

"Mushe sitereki!" anakuwa mdalayo m'Chilapalapa cha kumgodi, kutanthauza kuti zakoma kwabasi, akuguba pabalaza ponse, mawondo akufika pachifuwa. "Ikamangoyaka imayamba yokha imeneyi, kuyambira m'mawa mpaka kugona! Mwanawe, iwe ndiwe mkamwini wanga. Ndanena ine!"

Jonasi anavala jekete lake pang'onopang'ono, ngati dokotala amene wamaliza opareshoni. Mtima unali mbee. Ankaona kale tenti ya ukwati itadzaza msewu wonsewo.

Atatuluka pakhonde anapeza Mwaiwawo atatsamira chipupa, manja ali kumutu.

"Wamva zimene anena bambo ako?" anafunsa mokuwa, poti ng'oma zinali zisanaleke. "Tsiku la ukwati tiike liti?"

Mwaiwawo anatsitsa manja ake.

"Jonasi, kompyutayo sinafe yokha. Amayi anachita kukwera kombi mpaka ku Chegutu kukatenga achimwene awo, amalume anga a Lonjezo, kuti adzaiphe bambo atachokapo. Ndipo kwathu kuno wopereka mwana wamkazi si bambo. Amapereka ndi amalume, akamva kwa amayi."