Zotsala m'Makina a Mwana Wanga

Usiku ndinapita kuchipinda kwa mwana wanga kukamuuza kuti azimitse magetsi. Ku yunivesite akuphunzira chinenero cholamulira kompyuta mkati mwenimweni, ndiye sagona.

"Iwe, ugona liti? Ine ndatopa."

"Pulogalamu yanga ikuwerenga malo osayenera, amayi. Ikungotola zotsala za m'makinamu."

Pagalasi la kompyuta yake pankatsika timalemba topanda mutu. Kenako panatuluka mzere womveka bwinobwino: "Wamakani, chitseko chakumbuyo sunakhome."

Dzina limenelo ankandiitana nalo malemu bambo ake okha, tikakhala awiri. Kompyutayo tinaigula iwo atamwalira kale, ndipo chitsekocho ndinali nditakhoma ndi manja angawa.

"Zimitsa," ndinatero.

Anazimitsa kompyutayo ndi magetsi omwe. Mumdimamo tonse awiri tinamva chitseko chakumbuyo chikutseguka pang'onopang'ono.