Mtedza wa m'Lichero

"Penyetsetsani, abale anga!" anafuula Lloyd, nameza njere khumi za mtedza wa chalimbana osatafuna. Anasisita pamimba, anakhosomola kawiri, ndipo mtedzawo unayamba kutuluka m'kamwa umodziumodzi, wamphumphu, uli noninoni ndi malovu.

Msika wonse wa kwa Kapondo unaomba m'manja. Mkazi wake Tabeth anayang'ana kumbali n'kulavula.

Chaka chatha matsenga a Lloyd anali ongoseketsa ana. Akati abise ndalama m'manja, inkagwa pansi anthu n'kumamukuwiza. Koma chibwerere ku Chipata, komwe anakaphunzira kwa katswiri wina, ankaima pagulu atavala jekete lakuda, osalakwitsa ngakhale pang'ono.

Pobwerera kunyumba Tabeth analephera kuugwira mtima.

"Bambo a Esther, zonyansa zimenezi mpaka pagulu? Ine nseru yandigwira."

"Limeneli ndi luso, mayi. Miyezi itatu yathunthu ndakhala ndikuyeserera m'mawa uliwonse, inu mukapita kumjigo."

"Mumayeserera ndi mtedza wakuti? Wambewu uja thumba lake ndi losoka."

"Wa m'lichero mwanu muja."

Tabeth anaima chilili pakati pa msewu. "Umene ndimasinjira nsinjiro? Nanga bwanji sunachepepo ngakhale tsiku limodzi?"

"Uchepa bwanji?" anayankha Lloyd monyadira. "Ndikautulutsa ndimaupukuta pa malaya n'kuubwezera momwemo. Chakudya sititaya."

Tabeth anakumbukira mayi ake dzulo lake, akunyambita zala, akumuumiriza kuti aulule chomwe amathira mu nkhwani wotendera kuti uzikoma chonchi masiku ano.