Mphunzitsi Wasiya Ndodo

"Mwana wangayu mwamuwononga, aphunzitsi," anatero bamboyo ataima pakhomo la kalasi, atagwira kamtsikana kake paphewa.

Mphunzitsi wokalambayo anaika choko patebulo. Chaka chimenechi anali atasiya ndodo yokwapulira ana. Anasiyanso kuimbitsa ana mawu a pabolodi ngati nyimbo, m'malo mwake ankawakhazika m'magulu kuti azikambirana ndi kufunsa chilichonse. Aphunzitsi anzake ankamuseka kuti ukalamba wamufewetsa, koma mtsikanayu, amene kale sankatsegula pakamwa n'komwe, tsopano ankawerenga ndime yonse osadodoma.

"Walakwa chiyani?" anafunsa mphunzitsiyo.

"Dzulo ndikumuuza zochita, iye n'kundifunsa kuti, 'Chifukwa chiyani?' Kundifunsa ine bambo ake. Akuti kusukulu kuno mumawalola."

Mtsikanayo anaweramitsa mutu, koma mphunzitsiyo anali ataona kale tsaya lotupa ndi magazi ouma m'khutu. 

"Mwanayu mwamutani, bambo?"

"Ndamuwongola monga munkandiwongolera inu. Mwandiiwala kodi? Ndinkakhala kumbuyo uko, pafupi ndi zenera." Ankalankhula mwaulemu, ngati munthu wodzathokoza. "Dzanja lanu lija ndi limene linandisandutsa munthu. Yambiraninso, chonde."

Mphunzitsiyo anamuyang'anitsitsa mpaka anamukumbukira. Atatsegula pakamwa, mawu anatuluka otsika. "Bambo, mbama siipangitsa mwana kumva."

Bamboyo anamwetulira mwamanyazi, napendeketsa mutu kuti atchere khutu lakumanzere.

"Pepani, bwerezaninso, aphunzitsi. Lakumanjali linasiya kumva ndili m'kalasi mwanu muno."