Theka la Ndimu Pawindo

"Azakhali, mankhwala anu aja amawotcha aliyense, kapena ine ndekha?"

Makina a mayi telala anaima pakati pa msoko. Kamtsikana ka aneba ake kanali pakhomo, kakunong'ona, katatambasula mkono. Pomwe udzudzu unakaluma dzana panali patatuluka matuza, khungu litada ngati lapsa ndi simbi.

Mankhwalawo anali ndimu, ndipo analidula ndi telala yemweyo, dzana lomwelo. Mwana ankadzikanda mpaka kulira, amake ali kumsika. Anamufinyira madzi ake pamkono, namuuza kuti akasewere padzuwa kuti paume msanga.

Amake mwana analowa, kabuku ka kuchipatala kali m'manja, nadzigwetsa pampando wa makasitomala.

"Aneba, lero ndavulidwa. Anesi andikalipira anthu onse akumva, akuti ndamupaka chinachake koma ndikubisa. Ndalumbira mpaka kutchula malemu mayi anga. Uyunso ndikamufunsa, angoti duu!"

Telala anayang'ana mwanayo. Mwanayo anazolika. Theka la ndimu linali likadali pawindo, litafota.

Telala analitenga, naliika m'dzanja la mnzakeyo.

"Ndine. Ndinkayesa kuti ndikuthandiza."

Amake mwana analitembenuza kawiri.

"Akuti tipitenso Lachisanu," anatero pamapeto pake. "Koma ine mawu anga sakuwakhulupiriranso."

"Nditseka shopu, tipitire limodzi. Ndikanena ndekha, pamzere pomwepo, onse akumva."

"Mukanenadi, aneba?"

"Ndikanena. Ndipo mwanayu ndikamubereka ndine, popita ndi pobwera."