Lilime la Mkamwini

Chiyambireni lamulo loti nkhalamba iliyonse izidya phala la ufa wolimbitsa mafupa, malilime a achikulire m'mudzi muno ndi obiriwira. Ufawo amauthira mtundu dala kuti azaumoyo aziona amene wadya.

Tsono Elube anadabwa kuona lilime la mayi ake, aNangondo, lili lofiira bwinobwino, pomwe la mwamuna wake, Jailosi, lili biriwiri.

"Amanditumizira m'mawa uliwonse," Jailosi anatero, maso ali pansi. "Mkamwini angabweze mbale ya apongozi?"

"Ndizidya ndekha ngati mfiti?" aNangondo anayankhira kuseri kwa nkhokwe.

Elube anakumbukira azakhali ake amene anathyoka chiuno pamjigo, mbuzi zonse n'kuthera kuchipatala. Sanakalipe. Anangokaitana aNasimango, amasiye oyandikana nawo, kuti azibwera ndi ufa wawo, awiriwo azidyera limodzi pakhonde.

Miyezi itadutsa, mvula itayamba, aNangondo anaterereka pamjigo womwewo, phi! Elube anataya chidebe n'kuwathamangira. Koma mayiwo anadzuka okha, n'kusansa chitenje, n'kumutulutsira mwana wawoyo lilime lobiriwira ngati nkhwani.

"Tandisenzetsa, iwe. Anzanga akundidikira, phala lizizira."